Wapansi Akati Fodya

"Fodya," anatero alamu anga ali m'dzenje.

"Mzere uthe kaye," ndinatero ine.

Sindinayang'ane pansi. Maso anga anali pa mzere wakuda womwe tinalemba pa chipika m'mawa, ndipo sowo inali itangofika pakati. Ndinaikweza. Iwo anaikokera pansi. Ndinaikwezanso.

Unali mwezi wa Juni. Ku Chongoni nyengo imeneyo nkhungu imakhala m'mitengo mpaka dzuwa litakwera, chisanu chikuluma zala. Tinkacheka paini m'munda wa munthu wina, m'mphepete mwa nkhalango.

Kucheka matabwa ndi manja n'kwa anthu awiri. Chipika chimagona pa mitanda pamwamba pa dzenje. Wina amaima pachipikapo, kukweza sowo ndi kuiongolera pa mzere. Wina amakhala m'dzenje, kuikokera pansi. Sowo imadya mtengo potsika, ndipo utuchi wonse umagwera wapansiyo: m'tsitsi, m'maso, m'kamwa. Ine ndinali wapamwamba. Alamu, achimwene ake a mkazi wanga, anali apansi zaka zonse. Anagwapo pa chipika kalekale, bondo lawo lakumanzere silinkapinda bwino. Pamwamba sakanatha kuima.

Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi. Wapansi akati tipume, mumapuma. Simufunsa. Wapamwamba sadziwa zomwe mnzake akumeza. Lamuloli tinalilandira kwa apongozi anga, bambo awo a alamuwo, omwe anatiphunzitsa tonse awiri n'kutisiyira sowo yawo pomwalira. Iwo ankasuta chingambwe, ndiye akafuna kupuma ankangoti fodya. Ife sitinkasuta, koma mawuwo anatsala. Zaka zambiri, alamu akati fodya ine ndinkasiya sowo pomwepo, ngakhale patatsala chikhatho chimodzi kuti thabwa ligwe.

Chaka chimenecho ndinaleka kutero. Ndinene m'mene zinayambira.

Makina ocheka mitengo anali atafika kwathu. Amuna awiri ndi chigubu cha petulo ankagwetsa ndi kung'amba pa tsiku limodzi zomwe ife tinkachita sabata yathunthu. Anzathu ocheka ndi manja anatha mmodzimmodzi. Wina anapita kukapalasa kabaza ku tauni. Wina anayamba ganyu m'minda ya kachewere. Ine phewa lakumanja linali litayamba kuwawa, moti masiku ena ndinkalephera kuvala malaya. Zaka zanga zinali zitapitirira makumi anayi. Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Ntchito ina sindiidziwa.

Komabe mu Malichi ndinapaka sowo oyilo wakuda, ndinaikulunga m'chiguduli, n'kuiika kudenga. Ndinauza mkazi wanga kuti zatha.

"Ndiye muzitani?" anafunsa.

Mudzi ndi wa kwawo, munda ndi wa kwawo. Ine kwathu ndi ku Mphunzi, kuno ndine mkamwini. Mkamwini wopanda ntchito amaoneka msanga.

Matabwa omwe anatsala ndinapita nawo pa ngolo kwa amene ankatigula nthawi zonse, bambo wina wachisilamu wa sitolo ya zomangira ku Dedza tauni. Munthu wachikulire, wa ndevu zoyera, wolankhula mofatsa. Ndinafuna kukamutsanzika. Titangotsitsa matabwa mvula inayamba, ndipo ndinabisala m'sitolomo. Pa shelefu, pakati pa zitini za penti, panali kanema.

Pakanemapo panali anthu othamanga. Osati za mpira ayi. Msewu wa tauni ya kunja, anthu odzaza mbali zonse, ndipo pakati pa msewu amuna owonda, akuda ngati ine, atavala timakabudula. Ankangothamanga. Ofotokozawo ankalankhula Chizungu chofulumira, sindinatolepo kanthu.

"Akupita kuti?" ndinafunsa.

"Sapita kulikonse," anatero a sitolo. "Ndi mpikisano. Mtunda wake uli ngati kuchoka pano kukafika theka la njira ya ku Lilongwe."

"Osaima?"

"Osaima. Madzi amamwa akuthamanga."

"Kwawo n'kuti?"

"Maiko a kumpoto uko, kumapiri. Kozizira ngati kwanu ku Chongoni. Ambiri ndi ana a alimi."

Ndinakhala pa thumba la simenti. Panali mmodzi wamfupi, wa mutu waung'ono, amene ankatsogola. Chakumapeto, pa tebulo la madzi, wina anamuponda chidendene. Anagwa chafufumimba pa phula. Bondo linang'ambika, magazi anatsika mpaka mu nsapato. Anzake atatu anamudutsa. Iye anadzuka. Sanayang'ane bondolo. Sanayang'ane womugwetsa. Nkhope yake sinasinthe, inali ngati ya munthu amene akupalira. Awiri anawapeza n'kuwadutsa. Wachitatu sanam'peze. Sanapambane, koma anafika.

Mvula inali itakata kalekale. Mwini ngolo anali atandiitana kawiri.

Panjira ndinaganiza chinthu chimodzi. Galimoto ilipo. Mtunda umene uja galimoto imaudya munthu asanamalize kumwa tiyi. Koma munthu uja sanasiye kuthamanga chifukwa kuli galimoto. Nditafika kunyumba ndinatsitsa sowo kudenga, ndinainola ndi tupa mpaka kunada, n'kupita kukauza alamu kuti mawa tidzuke.

Ndinene zoona, zinandithandiza. Phewa likayamba, ndinkaona bondo lija. Ndinapeza kuti kuwawa kumafika pena n'kuleka kukula. Ukadutsa pamenepo kumangokutsata ngati galu, osaluma. Matabwa anachuluka. A sitolo anakondwa, chifukwa thabwa la manja limatuluka lowongoka, pomwe la makina limatuluka ndi mafunde ndipo limawononga mtengo. Anati tizibweretsa Loweruka lililonse. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zingapo, ndinkadzuka m'mawa ndikudziwa kuti ndine ndani.

Ndipo Loweruka lililonse ndikalowa m'sitolo muja ndinkapeza munthu uja akuthamanga. Sabata ino ali pa dzuwa loswa mtengo. Sabata inayo ali pa mvula, atavala zotenthetsa m'manja. Ina ali pa mlatho wautali, madzi ali pansi. Malaya ankasintha, tauni inkasintha, iye anali yemweyo. Ndinkamuzindikira ndi mapewa, m'mene ankawagwedezera. Mumtima ndinati: munthu uyu Loweruka lililonse akuthamanga theka la njira ya ku Lilongwe, ine ndikulira ndi chipika chimodzi.

Alamu ku tauni sankapita, bondo silinkalola kukhala pa ngolo. Ndinawafotokozera.

"Alamu, mwapeza mpingo watsopano," anatero. "Lamulungu kwa ansembe, Loweruka kwa wothamanga. Ubatizo liti?"

"Iye saima," ndinatero.

"Akuthawa chiyani? Wadya za eni?"

"Ndi ntchito yake."

"Ntchito yabwino zedi. Kamphepo kakumupemerera kumaso, anthu akumuombera m'manja. Mukamuuze abwere alowe muno, alawe utuchi. Ine ndipite pakanemapo ndizikakubayibitsani."

Anali munthu wa nthabwala. Ine ayi. Zaka zonse zija iwo ankalankhula, ine ndinkamvera, sowo ikuyenda. Ndi m'mene tinkakhalira.

Poyamba akati fodya ndinkati mzere uthe, ndipo mzere ukatha tinkapumadi. Kenako mzere ukatha ndinkalowetsa sowo pa mzere wina ndisanatsike. Sanakane. Wapansi sangangosiya chogwirira mnzake akukweza, sowo ingapindike kapena kulumpha n'kudula munthu. Ndiye ankakoka. Ankanditukwana moseka, n'kumakoka. Ana awo asanu ankadya bwino miyezi imeneyo, ndipo ndikuganiza kuti nazonso zinkawatseka pakamwa.

Chifuwa cha alamu chinayamba mu Epulo. Ocheka onse amatsokomola. Sindinachiwerengere.

Tsiku lina ndikusamba m'manja mkazi wanga anaima pakhomo.

"Achimwene akuwonda," anatero.

"Ndi chisanu."

"Akazi awo akuti mphasa imacha itanyowa ndi thukuta. Chisanu chimatulutsa thukuta?"

"Apite kuchipatala."

"Apita liti? Mumawatenga nkhuku zisanatsike, mumawabweza dzuwa litalowa."

"Sabata ya mawa."

Sabata ya mawa kunali zipika zina.

Ndiye tsiku la mu Juni lija. Fodya woyamba ndinamukana. Tinakoka. Sowo inkayenda bwino, paini anali wofewa, fungo lake lili ponseponse. Kachiwiri mawu anabwera aang'ono.

"Alamu. Fodya."

Panalibe nthabwala. Ndinamva ndithu kuti panalibe nthabwala. Panatsala mkono umodzi kuti thabwa ligwe.

"Tatsala pang'ono," ndinatero.

Kachitatu sikanabwere. Sowo inatsika, ndipo pokweza inalemera ngati wina wapachikapo thumba la chimanga. Ndinayang'ana pansi. Alamu anali atagwada, manja akadali pa chogwirira, mutu uli pa mkono. Pa utuchi woyera uja panali magazi. Ofiira kwambiri, a thovu.

Ndinadumphira m'dzenje. Ndinawabereka. Ndi pomwe ndinadziwa kuti munthu watha, ankapepuka ngati mtolo wa mapesi. Mwini munda anatibwereka njinga. Ndinawakhazika pa kaliyala, ndinawamanga m'chiuno mwanga ndi chingwe cholembera mizere, n'kupalasa. Njira ya kwathu ndi ya miyala. Pa chitunda ndinamasula chingwe, ndinatsika n'kumakankha, dzanja limodzi lili pa msana wawo.

"Mzere watha?" anafunsa.

"Khalani chete."

"Ndimangofunsa. Mungandibweze."

Kuchipatala chaching'ono sanatisunge. Anatitumiza ku chachikulu pa ambulasi. Patapita masiku atatu dokotala wina wamkazi, wamng'ono kwa ine, anandiitanira pakhonde.

"Inu ndi ndani wawo?"

"Mlamu wawo. Timacheka limodzi."

"Akhala akutsokomola nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi iwiri. Kapena kuposa."

"Simunkamva?"

"Ndinkamva."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pepala lake. Anati ndi chifuwa chachikulu. Anati chimachizika, bola kumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Koma anati mapapo anali atadyeka kale ndi fumbi la zaka zambiri, ndipo matendawa apeza pofooka. Mbali ina sidzabwereranso.

"M'dzenje muja asadzalowenso," anatero. "Mwamva, bambo? Akalowanso, mudzabwera nawo kuno komaliza."

"Ndamva."

Tonse anatiyeza, akazi awo, ana, ine. Ine ndinalibe kanthu. Pamwamba pamapita mphepo.

M'mudzi palibe anandiloza chala. Akazi awo a alamu ankandipatsa moni atagwada, mwaulemu woposa kale. Zimenezo zinkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Mkazi wanga ankandiikira chakudya n'kutuluka. Kale ankakhala pambali kundiuza za kudimba.

Patapita masabata awiri ndinatenga matabwa omwe tinali titacheka kale n'kupita nawo ku tauni. Ndinanyamuka mochedwa, ndinalowera njira ina, ndipo ndinatulukira kuseri kwa sitolo. A sitolo anali atamva za alamu.

"Pepani kwambiri," anatero. "Mulungu awagwire dzanja. Khalani pansi, ndikuikireni mnzanu uja. Lero mwandidzidzimutsa."

Kanema anali wozima. Anatsegula kabati, anatulutsa kachikwama ka pepala, m'menemo anasololamo chimbale. Anachipukuta pa mkanjo wawo n'kuchilowetsa m'kabokosi pansi pa kanema.

"Chimenecho n'chiyani?" ndinafunsa.

"Chimbale. Zilipo zitatu. Anandibweretsera mphwanga wa ku Joni, amakonda za kuthamanga. Anasonkhanitsa mipikisano ya munthu ameneyu."

"Si za lero?"

Anayamba kuseka. Ataona nkhope yanga analeka.

"Ayi, bambo. Izi n'zakale. Wa pa mvula uja, mwana wanga wotsiriza anali kumsana kwa mayi ake. Pano ali Sitandade 5."

"Ndiye sathamanga Loweruka lililonse."

"Angafe! Mpikisano wotere munthu amathamanga kawiri pa chaka. Akamaliza amakhala masabata osagwira kanthu. Masiku enawo amathamanga ndithu, mwamphamvu, m'mawa. Koma masana amagona. Ali ndi womusisita miyendo, womuphikira, dokotala wake. Ndipo pali mkulu wina amene ntchito yake ndi kumuuza kuti lero basi, ima."

"Amaima?"

"Apande kuima? Akavulala ndiye kuti onsewo ntchito yawathera." Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Ine ndinkayesa mukudziwa. Ndinaona kuti mumazikonda, ndiye ndikaona ngolo yanu pa mphambano paja ndinkaikiratu. Ndinkasinthasintha kuti musatope nazo."

Anali munthu wabwino. Sanandinamize. Ine sindinafunse, iwo sananene. Basi.

Pakanema mpikisano unali utayamba. Unali woyamba uja. Ndinaliona tebulo la madzi likubwera, ndipo ndinadziwa pomwe ati agwere asanagwe. Ndinatuluka kukathandiza mwini ngolo kumanga ng'ombe.

Zimenezi sindinauze munthu. Mkazi wanga ayi, alamu ayi. Ndikanati chiyani? Kuti ndinaphwanya lamulo la apongozi chifukwa cha chimbale? Ndipo si zoona zonse. Chimbale sichinatseke makutu anga. Fodya wachiwiri uja ndinamumva bwino.

Wothamanga uja sindimuda. Anagwadi, anadzukadi, magazi aja anali enieni. Pakanapanda iye sowo ikanachita dzimbiri kudenga. Koma ine ndinaona maola awiri a moyo wake n'kuyesa ndi moyo wonse. Ndipo iye ankathamanga ndi miyendo yake. Ine ndinkathamanga ndi mapapo a munthu wina.

Alamu anatuluka m'chipatala. Ankamwa mankhwala awo m'mawa uliwonse, akazi awo akuyang'anira. Ndinkapita kukawaona Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Ndinkakhala pa mpando, iwo pa mphasa atafunda bulangete. Ankalankhula za mvula, za mtengo wa feteleza, za mbuzi ya mnansi yomwe inadya kabichi wawo. Za dzenje sankanena. Nane sindinkanena.

Ntchito sinaime. Ndinapeza bambo wina wa ku Kabwazi amene anachekapo kale. Ndinamuphunzitsa mawu athu. Akati fodya ndinkasiya sowo asanamalize kunena. Nthawi zina ndinkaima asananene. Anandifunsa ngati ndikudwala. Kukoka kwake kunali kosakhazikika, kamphindi mwamphamvu, kamphindi mwaulesi, ndipo sowo inkachoka pa mzere. Matabwa anachepa. Theka la zomwe tinkapeza ndinkapereka kwa mkazi wanga kuti apititse kwa achimwene ake. Sankawauza kuti ndalamazo zachokera kuti, koma alamu si mwana.

Mu Januwale mankhwala anatha. Anawayezanso n'kuwauza kuti kachilombo ka chifuwacho kachoka. Thupi linabwerako pang'ono. Koma kuchoka kunyumba kwawo kufika pa chitsime ankaima kawiri, dzanja lili pa chifuwa, akunamizira kuyang'ana chimanga cha anthu.

M'mawa wina ndinafika kuntchito mochedwa chifukwa cha mvula. Tinali ndi zipika zinayi m'munda wina kumtunda kwa mudzi. Sowo tinkaisiya kwa mwini mundayo. Ndinapeza chipika chili kale pa mitanda, mizere yolembedwa, sowo italowetsedwa poyambira. M'dzenje munali munthu atamanga kansalu kukamwa ndi mphuno. Sanali wa ku Kabwazi.

"Mwachedwa, alamu," anatero. "Ukamwini wake ndi umenewu?"

"Tulukani."

"Wa ku Kabwazi wandithandiza kukweza chipika, ndam'bweza. Ndamuuza kuti mwini dzenje wabwera."

"Adokotala ananena."

"Adokotala ali ndi malipiro awo." Anatsitsa kansalu kaja. "Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala pakhonde ndikusenda nyemba ndi azimayi. Ana anga akamadutsa pafupi nane amayenda monyang'ama ngati pa maliro. Dzulo mkazi wanga wandilanda ndowa. Ndowa, alamu! Ya theka! Ndiye ndizidya za m'manja mwa mlongo wanga mpaka liti?"

"Pali ntchito zina."

"Ziti? Kabaza ndi bondo ili? Khasu ndikalikweza kasanu dziko limazungulira. Muno ndimangoima n'kukoka. Izi ndiye ndimadziwa."

Ndinaima pamphepete pa dzenje. Mvula inali itasiya, madzi akudontha m'mitengo.

"Sowo iyi ndi ya bambo anga," anatero. "Kwerani."

Zinali zoona. Ndinakwera.

Ndinagwira chogwirira, ndinakweza. Anakoka. Ndinakwezanso. Pofika kachisanu sowo inali itapeza nyimbo yake yakale. Munthu amene mwacheka naye zaka makumi awiri simufunika kumuona. Amadziwa pomwe mkono wako uthere, iwe umadziwa pomwe wake uyambire. Sowo inkatsata mzere yokha. Miyezi yonse ija ndinali ndisanamve kukoma kotero m'manja, ndipo ndi zimene zinandiopsa.

Kenako, pansi pa phokoso la sowo, ndinamva china. Kupuma kwawo. Kunkalira ngati pampu ya njinga yong'ambika chikopa. Ndinachepetsa.

"Musandinyengerere!" anakuwa. Anakoka mwamphamvu kuposa poyamba.

Tinapitirira. Utuchi unkatsika, wonyowa, wolemera. Kansalu kaja kanali katagwera m'khosi ndipo analibe dzanja loti akakwezere. Tinafika pakati pa chipika. Ndinatchera khutu kudikira kuti anene. Tinadutsa pakati. Kulira kwa m'chifuwa kunakula. Sananene. Ndinazindikira kuti sadzanenanso, lero kapena mawa, chifukwa akanena kamodzi ndiye kuti dokotala uja wapambana. Angakoke mpaka kugwada.

Sowo itatsika ndinaipanikiza ndi manja onse, osaikweza. Ndinatsika pa chipika, ndinalowa m'dzenje.

Munali mochepa. Munkanunkha paini ndi matope. Ngakhale sowo itaima, timadontho ta utuchi tinkayandamabe m'mwamba, ndipo tinandilowa kukhosi nthawi yomweyo. Alamu anali atatsamira khoma la dzenje. Milomo yawo inali yotuwa.

"Mwatsikiranji?" anatero. "Ine sindinanene kanthu."

Chogwirira cha pansi sichokhomerera. Chimagwira sowo ndi kamtengo kopanikizira, kuti muzitha kuchichotsa posolola sowo mu mng'alu. Popanda icho palibe angakoke. Ndinatola mwala, ndinamenya kamtengoko kawiri. Chogwirira chinagwera m'manja mwanga. Chinali chosalala, chakuda ndi thukuta la anthu awiri, bambo ndi mwana wake. Ndinachiika kukhwapa.

Anandigwira malaya. M'zala zawo munalibe mphamvu.

"Mukundichotsa ntchito? Inu? Mkamwini, m'mudzi mwathu, pa sowo ya bambo anga?"

Ndinaponda pa kamwala ka m'khoma kuti ndikwere.

"Munandikoketsa mpaka ndinalavula magazi," anatero. Mawu anali pansi, opanda kuseka. Kanali koyamba kunena. "Ndinakuitanani kawiri. Kawiri, alamu. Lero ndiye mukuti mundisamale?"

Ndinatuluka m'dzenje. Malaya anang'ambika pang'ono pomwe anagwira.

"Lankhulani!" anakuwa kumbuyo kwanga. "Zaka zonsezi ndalankhula ndekha. Lero lankhulani inu!"

Chifuwa chinawadula. Ndinaima, msana uli kwa iwo. Chinali chachitali, chouma, chochokera pansi. Ndinadikira mpaka chinatha. Ndinamva akukoka mpweya, kamodzi, kawiri, kenako akulavula n'kutukwana.

Sowo inatsala itaima m'chipika. Ndinapanikiza chogwirira kukhwapa, ndinalowa m'kanjira ka m'chimanga, n'kumatsika.